Njinga Yamoto Imene Ndinaikalambitsa

Sabata imene ndinatsimikiza zochoka ku Livingstone ndi yomweyo imene ndinamvera chisoni mzungu. Ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi positi ofesi, buluku lake litang'ambika m'mawondo monse muwiri, nsapato zitatuwa, pambali pake pali njinga yamoto yooneka ngati aifukula kumanda. Ine ndinali ndi chimanga chowotcha chimodzi, ndipo chimenecho ndicho chinali chakudya changa cha masana. Ndinachithyola pakati n'kumupatsa mbali yaikulu. Ndinawonjezapo ndi mawu, pakuti ine sindichita kanthu popanda kuwonjeza mawu. Ndinamuuza m'Chingerezi changa cha m'mabuku kuti asataye mtima, mavuto sakhalitsa. Iye anadya, anathokoza kwambiri, n'kundijambula chithunzi.

Madzulo ake mlamu wanga Choolwe, amene ankanyamula zikwama za alendo pa hotela yaikulu ya kumathithi, anafika kwathu ku komboni ya Linda akuseka kuyambira kumsewu. Mmphawi wanga uja ankagona m'chipinda choyang'ana kumadzi, chimene tulo ta usiku umodzi tokha tikanadyetsa banja langa mwezi wonse. Anali atafotokozera antchito onse za munthu wachifundo wa magalasi omangidwa ndi waya, wolankhula ngati nyuzipepala. Choolwe sanafunike kufunsa kuti ndani.

"Ba mulamu," anatero akupukuta misozi, "mailo mukamupatseko na buluku. Muli nayo yabili, si so?"

Pofika Lamlungu, Linda yense ankanditcha Ba Chifundo, ngakhale dzina langa ndi Lameki.

Masiku amenewo manyazi ndiwo okha ndinali nawo ochuluka. Fakitale yolumikiza magalimoto kumene ndinagwira ntchito kuyambira ndili mnyamata inali itatsekedwa, monga anatsekedwera mafakitale ena m'tauni yathu zaka zimenezo. Ine ndi mwana wathu Luyando tinkadya thukuta la mkazi wanga Mutinta, amene ankagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta ku msika wa Maramba. Ine ntchito yanga inali kuwerenga. Sukulu ndinalekera panjira, koma chilichonse cholembedwa chimene alendo ankasiya m'mahotela chinkathera pansi pa bedi lathu: magazini a njinga zamoto, mabuku opanda chikuto, ngakhale buku la kaphikidwe ka nkhanu za m'nyanja yamchere zimene sindinazionepo. Ndinkadziwa mayina a misewu ya ku London, koma mtengo wa makala ndinkachita kufunsa kwa Mutinta.

Ndiye Ba Daka, dalaivala wa lole amene ankayenda njira ya ku Joni, atanena kuti kuli Mchaina wina amene akufuna anthu odziwa kugwira sipanala, sindinaganize kawiri. Mutinta sanalire. Anapinda malaya anga, n'kuloza mulu wa magazini ndi chibwano.

"Yendani, Batate Luyando. Koma mukabwele na chinthu chooneka na maso. Nkhani tili nazo kale zambili m'nyumba muno."

Munali mu 1995.

Ku Joni ndinaphunzira kuti mphepo imaluma. Ife a ku Livingstone timadandaula za kuzizira kwa Juni, koma kumeneko madzi ankauma m'ndowa. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja pamodzi ndi amuna ena, wina wa ku Mozambiki, wina wa ku Bulawayo, aliyense ndi wailesi yake ndi chisoni chake. Malipiro poyamba anali ochepa. Ndikachotsa ya chakudya ndi yotumiza kunyumba, inkatsala yogulira magazini akale pamsewu, basi. Tsiku lina anyamata awiri anandiimitsa pafupi ndi siteshoni n'kundilanda envulopu yonse, ndipo mmodzi anatenganso buku limene linali m'thumba, analiyang'ana, n'kundibwezera. Zimenezo zinandipweteka mwa njira yakeyake. Tsiku loipitsitsa linali Lamlungu. Ndinkayenda mtunda wautali kupita kumene ankaima malole opita kumpoto, osati kukafuna kanthu, koma kuti ndingomva munthu akutukwana tayala m'chilankhulo chathu.

Abwana tinkawatcha Mafulumira, chifukwa sankayenda, ankathamanga, ngakhale popita kuchimbudzi. Ankaitanitsa njinga zamoto kuchokera kwawo, zikufika m'mabokosi amatabwa, ife n'kumazilumikiza. Zinali zofiira ngati tomato wa Mutinta, zitsulo zonyezimira paliponse, chinjoka cholavula moto pathanki, ndi kabelu kolira ukamakhota ngati wotchi yodzutsa munthu. Kwa ine zinali zokongola kwabasi. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi za ku Japan, ndipo ozungulitsa katundu m'tauni ankazigula. Koma Mafulumira mtima wake unali pa azungu. Ankati mzungu akakwera chinthu, ena onse amatsatira osafunsa.

Azunguwo ankabwera ndithu. Ankazungulira njinga, kugogoda pulasitiki ndi chala, kumwetulira kumwetulira kwawo kuja kotseka milomo, n'kumapita. Mafulumira anaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa zokongoletsa. Anawonjezera magalasi awiri. Anawonjezera wailesi. Anayamba kupereka chipewa chaulere cha nyenyezi. Kenako anafunsa ine, poti ndinali wowerenga, ndipo ndinamulangiza ndi nkhope ya mphunzitsi kuti tilembe pathanki mayina a nyama zolusa m'Chingerezi, ndi zilembo zagolide. Azungu anasiya kumwetulira n'kuyamba kuseka poyera. Zaka zonse zija ndinkawerenga magazini awo, koma ndinkawerenga mawu okha. Zithunzi sindinkaziyang'ana.

Chimene chinatithandiza ndi ngozi. Bokosi lina linagwa potsitsa pa lole, njinga ya m'katimo n'kuphwanyika mapulasitiki onse, thanki n'kukalika. Mafulumira anati ndiziyendera ine pokasiya zipangizo kwa makasitomala. Ndinachotsa zophwanyikazo, chinjoka ndinachikwecha ndi sandipepa, n'kupaka penti wobiriwira wosawala amene anatsala popaka geti. Chishalo chong'ambika ndinachikuta ndi chikopa cha chikwama chakale. Ekizozi inkandiotcha mwendo, ndiye ndinaikulunga ndi nsalu. Ndinkachita nayo manyazi, moti ndinkaiimika kuseri kwa nyumba za anthu.

Tsiku lina ndinakasiya tcheni pa nyumba ina yogona alendo achinyamata, aja oyenda ndi zikwama kumsana. Potuluka ndinapeza azungu awiri atagwada pambali pa njinga yanga ngati ali pa guwa.

"Ndi ya chaka chiti imeneyi?" anafunsa wamtaliyo.

"Ya mwezi watha," ndinatero. "Ya ku China."

Anayang'anana. Ine ndinadikira kumwetulira kuja. Koma wamfupiyo anasisita thanki n'kunena kuti, "Zilibe kanthu. Ungatipangire ziwiri zotere? Koma chonde, pasakhale chonyezimira."

Pamenepo ndinakumbukira munthu wa chimanga uja. Sanali mmphawi. Anali atavalira ulendo. Anyamatawo anandifotokozera kuti njinga yooneka yotopa wakuba saiyang'ana kawiri. Chifukwa china sanachinene, koma ndinachiona atayamba kujambulana: ankafuna kuti kwawo akaone kuti anavutika mu Afirika.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yokalambitsa njinga. Taganizani inuyo. Anthu a ku China atuluka thukuta kupukuta chitsulo mpaka munthu kumadzionapo nkhope, sitima yaoloka nacho nyanja, ndiye Lameki wa ku Linda akuchikwecha ndi sandipepa, kupaka chikopa mafuta akuda a injini, kumangirira kumbuyo chikwama chakale cha asilikali ndi chigubu chopindika. Ndipo mtengo n'kukwera! M'kati ndinkagwira ntchito yeniyeni, kuti asakafere m'chipululu ndi dzina langa pakamwa: kumanga mabawuti onse mwatsopano, kusintha tcheni ndi pulagi, kukunga masipoko. Koma zimenezo palibe ankafunsa. Ankafunsa ngati ndingawonjezereko dzimbiri pang'ono. Mafulumira anandikwezera malipiro, koma mpaka tsiku limene tinasiyana, akamadutsa pamene ndikukwecha chinjoka ankayang'ana kumbali ngati munthu wodutsa pamaliro.

Mauthenga akunyumba ankayenda ndi Ba Daka, pamodzi ndi shuga, sopo ndi envulopu. Envulopu inkafika yosatsegula, Ba Daka anali okhulupirika pa zimenezo. Koma mawu ankanenepa m'njira. Ine ndinawatuma kuti akanene kuti ndikugwira ntchito ya njinga zamoto zatsopano. Powoloka Limpopo mawuwo anali akuti ndine kapitawo. Powoloka Zambezi ndinali mnzake wa mwini kampani. Pofika ku Linda, Lameki anali akubwera ndi njinga yamoto yakeyake, yatsopano, yonyezimira.

Zimene Ba Daka sankandiuza n'zakuti Mutinta mawu amenewo ankawafuna. Alongo ake, Choolwe patsogolo, anali atayamba kumuuza kuti mwamuna wopita ku Joni sabwera, atenge mwana abwerere kwa makolo ku Kalomo. Amayi a kumsika ankamufunsa mwaulemu woluma kuti kodi Ba Chifundo apeza mzungu wina womudyetsa. Iye yankho lake linali limodzi: dikirani mudzaone chimene adzabwere atakwera. Anayankha choncho chaka ndi chaka.

Ndinabwerera mu 1999 ndili ndi nzeru imene ndinkaiona ngati yoposa za m'mabuku. Ndinkamva kuti Livingstone wadzaza ndi azungu achinyamata otsetsereka pa Zambezi ndi mabwato a mphira, ena kumadumpha pa mlatho atamangidwa chingwe kumiyendo. Anthu olipira kuti agwe pa mlatho, ndinaganiza, sangakane njinga yanga. Tinapangana ndi Mafulumira kuti nditenge imodzi. Ikagulidwa, azinditumizira zina kudzera kwa Ba Daka, ine n'kukhazikika kwathu. Ikapanda kugulidwa, malo anga ku galaja alipo. Njinga imeneyo ndinaigwirira ntchito mwezi wathunthu. Sindinakalambitsepo chinthu mwaluso ngati chimenecho. Inkaoneka ngati yamenya nkhondo ziwiri n'kuluza zonse.

Ba Daka ananditsitsa titawoloka mlatho, utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya ukundinyowetsa magalasi, ndipo ndinalowa m'tauni nditakwera njinga yanga, chifuwa patsogolo. Ku Linda ndinapeza anthu atadzaza pabwalo pathu. Chitseko chinali chitapakidwa penti watsopano wabuluu. Mutinta anali atavala chitenje chatsopano. Amayi anayamba nthungululu nditangokhota pa ngodya, koma pamene ndinkayandikira, nthungululuyo inkachepa, inkachepa, mpaka inatsala ya gogo wina amene maso ake sankaona bwino.

Ndinazimitsa injini. 

"Ba mulamu, mwabwela bwino," anatero Choolwe akuizungulira. "Manje iyi, mwabwela nayo, kapena ni yamene yabwela na imwe kuti mukaiike m'manda kwanu?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za azungu, za sandipepa, za mtengo. Ndinawaonetsa kuti matayala akadali ndi timinga tawo ta kufakitale. Ndinkamva ndekha kuti ndikulankhula ngati nyuzipepala. Bamake Mwiya, mnansi wathu wogulitsa salaula, zovala zakale zija zobwera m'mabelo kuchokera kunja, anangoti "Shuwa?" n'kuyamba kutolera makapu.

Titatsala awiri, Mutinta anakhala pabedi osavula chitenje chija.

"Zaka zonse izi nakhala niuza banthu kuti muzabwela na chinthu chatsopano."

"Ni yatsopano, mayi. Ndaikalambitsa dala."

"Dala." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Nanga ikakana kugulidwa?"

"Ndiye kuti ndibwererako pang'ono."

"Mukabwelela ku Joni, makiyi ya nyumba ino muzakapeza kwa Bamake Mwiya."

Sanakweze mawu, ndipo ndinadziwa kuti sakungoopseza.

M'mawa mwake ndinapita kumene ankasonkhana a mabwato a mphira. Sizinatenge nthawi. Mnyamata wina wa ku Australia, dzina lake Kolini, wotsogolera alendo pamtsinje, anagwada pambali pa njingayo monga anagwadira anzake a ku Joni. Anati abwera kunyumba Loweruka, akalandira malipiro. Ndinabwerera ndikuimba mluzu. Koma munthu wochokera kutali sangakhale m'tauni osakalonjera mayi ake, ndiye ndinakwera basi kupita ku Choma, njinga n'kuisiya m'chipinda chochezera, nditaifunditsa bulangete.

Ndinabwerako Lachisanu masana. Ndili patali ndinaona chinthu chikuwala pakhonde pathu, ana atachizinga. Ndinayamba kuthamanga ngati Mafulumira.

Inali yabuluu. Buluu wa chitseko, penti yemweyo, wopakidwa ndi bulashi yemweyo, mizere yake ikuoneka. Nsalu ya pa ekizozi anaidula, chitsulo n'kuchikwecha ndi waya wotsukira mapoto mpaka kumathobwa m'maso. Chikopa changa chija, chimene ndinachidyetsa mafuta masabata angapo, chinali chitakutidwa ndi pulasitiki woonekera wa pa matiresi atsopano. Panali magalasi awiri a kumsika, ndi mphonje zofiira kuzogwirira. Chikwama cha asilikali anali ataikamo zopanira zovala.

"Mutinta! Mwachita chiyani?"

Anatuluka akupukuta manja, penti akadali m'zikhadabo. "Naisambika."

"Mwezi wathunthu! Mukudziwa kuti dzimbiri lija ndinachita kulipanga ndi mchere ndi viniga?"

"Ndiye chifukwa chake inavuta kuchoka."

"Mzungu akubwera mawa!"

"Abwele. Azapeza pakhomo pa banthu, osati pa dzala."

Ndinayenda uku ndi uku pabwalo, ndikulankhula ndekha m'zilankhulo zitatu. Ndinaganiza zoikwechanso, koma penti wa chitseko ndi wamakani, ndipo anali asanaume bwino. Ndinangodetsa chala.

Kolini anabwera Loweruka monga ananenera. Anaima pageti, anayang'ana njinga, anayang'ana chitseko, anayang'ananso njinga. Kenako ndinakuona kumwetulira kuja kotseka milomo, kumene ndinkaganiza kuti ndinakusiya ku Joni.

"Ndi yomwe ija?" anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa za wodwala.

Ndinamuuza kuti injini ndi yomweyo, tcheni ndi chomwecho, mabawuti onse ndi omwewo. Anagwedeza mutu, anati aganizira, anamwa madzi amene Mutinta anamupatsa atagwada mwaulemu wonse, n'kupita. Sanabwerenso.

Ndinakhala pakhonde. M'mutu ndinali nditayamba kale kumva mphepo ya ku Joni, ndipo ndinkaona makiyi ali m'manja mwa Bamake Mwiya. Mutinta anabwera kudzaima pakhomo.

"Mailo ni Sondo," anatero. "Muzanipeleka ku chalichi pa iyi. Ikatha imeneyo, chitani nayo zimene mufuna."

Ndinamuperekeza, nkhope ili gwa. Anakhala cham'mbali kumbuyo kwanga, chitenje chatsopano chija, chikwama pamiyendo, pulasitiki akulira pansi pathu. Anandiuza kuti ndisadutse njira yachidule. Tinazungulira Linda yense pang'onopang'ono, kenako anati tidzere kumsika wa Maramba, ngakhale tchalitchi chathu sichili kumeneko. Amayi a tomato anaimirira. Wina anaimba nthungululu, ndipo ulendo uno sinachepe. Ndinamva dzanja la Mutinta likundigwira malaya, ndipo pagalasi la kumsika lija ndinaona nkhope yake. Sankamwetulira. Ankangoyang'ana mayi aliyense m'maso, mmodzimmodzi, ngati akubweza moni amene anamusungira zaka zinayi.

Titatuluka m'tchalitchi tinapeza amuna atazungulira njinga. Mlimi wina wa ku Zimba anafunsa mtengo, nditamuuza anafunsanso kawiri, poganiza kuti sanamve bwino. Mkulu wa mpingo woyendera nthambi za kumidzi anafuna kudziwa ngati ziliko zofiira. Wina anafunsa ngati pulasitiki wa pachishalo amabwera nayo. Ndipo kumbuyo kwa onse kunali Choolwe, akudziyang'ana mano pa ekizozi.

"Ba mulamu, ngati munabwela nayo so poyamba, sembe sitinakambe zambili."

Uthenga umene ndinatuma Ba Daka kwa Mafulumira unali wakuti atumize njinga monga zimachokera m'bokosi, chinjoka, kabelu ndi zonse, ndipo asachotse pulasitiki. Ba Daka akuti munthuyo anawakumbatira. Ku Joni sindinabwererenso. Ndinatsegula kagalaja pafupi ndi msika, ndipo ndimo ndakalambira inenso, popanda sandipepa. Nthawi zina pankabwera mzungu wofuna yotopa, ndipo ndinkamupangira, koma kuseri kwa nyumba, chifukwa Mutinta analamula kuti ntchito imeneyo isamaonekere kumsewu.

Komabe mwezi wanga uja unkandiwawa. Sabata yotsatira ndinapeza Bamake Mwiya pakhonde pawo atamasula belo la salaula, akusita malaya a munthu wa kutsidya kwa nyanja kuti akaoneke ngati a m'sitolo. Ndinatsamira mpanda n'kuyamba kuwadandaulira. Ndinawauza kuti anthu a kuno samvetsa luso, kuti kunja anthu ophunzira amalipira ndalama zambiri kuti chinthu chioneke chakale. Anandisiya ndilankhule mpaka nditamaliza. Kenako anapisa m'belo n'kutulutsa buluku long'ambika m'mawondo monse muwiri, n'kulitambasula patsogolo panga.

"Ba Chifundo, mwaiona iyi? Mwina ni ya mzungu wanu uja wa chimanga. Akatopa nayo, ibwela kuno, ine niisoke, niisite, ndiye munthu agule. Beve basewela na zakale chifukwa sibanavalepo za munthu wina. Ise zakale tavala, zakwana. Musiyeni mukazi wanu akweleko chinthu chonyezimila."